Zithunzi Ziwiri za Tsiku Limodzi

Mutu Wachisanu ndi Chimodzi

1. Kalata yosafika m'manja mwa mwini

Kalata ya amayi ake inafika Lachinayi masana, koma Lukonde sanaigwire ngakhale ndi chala chimodzi. Anailandira ndi amalume ake, a Ng'andu, amene ankakhala naye m'kafulati ka zipinda ziwiri ku Kabwata, mu mzinda wa Lusaka. Anaitsegula okha, anaiwerenga okha mokweza, ndipo atamaliza anaibwezera mu envulopu yake n'kukaikiyira m'sutikesi ya pansi pa bedi. Mtsikanayo anangotola zithunzi ziwiri zimene zinagwera patebulo.

Chinali chaka cha 1997. Lukonde anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ankakonzekera mayeso a Giredi 9. Bambo ake anamwalira iye akali wamng'ono. Amayi ake, a Exildah, anali atachoka zaka zitatu m'mbuyomo, nthawi ija boma linangomasula kumene malonda, mayi aliyense wa chikwama chachikulu n'kuyamba kudzitcha wabizinesi. Nawonso anakwera basi ya ku Dar es Salaam kukagula nsalu zodzagulitsa ku msika wa Kamwala. Mbala za kumeneko zinawalandira bwino: katundu yense anapita asanafike n'komwe pa siteshoni. Manyazi anawagwira mwendo. Analemba kuti adzabwera akapeza poyambira, ndipo poyambirapo sipanapezeke mpaka maKhirisimasi atatu anadutsa.

A Ng'andu nawo anali munthu wotsala yekha. Kampani ya boma imene ankagwirako ukalaliki itagulitsidwa, anauzidwa kuti akapume, ngakhale sanadandaulepo kwa munthu kuti atopa. Akazi awo anapita kwawo ku Mansa kukazonda matenda, ndipo zikuoneka kuti wodwalayo sanachirebe mpaka lero. Choncho m'fulatimo munatsala anthu awiri, odya moyang'anana mwakachetechete ngati odikira dokotala. Phokoso lokha linali la wailesi yakanema ya anansi, lodzera kukhoma. Lukonde ankasungulumwa kwambiri, ndipo analibe womuuza.

Kalatayo inati a Exildah tsopano akuphika pa nyumba ina ya alendo, m'mudzi wa asodzi, m'mphepete mwa nyanja yaikulu yamchere. Dzina la mudziwo ndi la nyumbayo a Ng'andu anangowameza powerenga, poti Chiswahili chinkawapinda lilime. Koma mawu omaliza Lukonde anawamva bwinobwino:

"Ndapempha kwa abwana, ndipo alola kuti ubwere pa holide ya Disembala ukamaliza mayeso. Ukavomera, ndidzakuchingamira pa siteshoni. Ukakana, mwana wanga, ndidzamva, ndipo sindidzakuvutitsanso ndi makalata. Zithunzi ziwirizi anandijambula mlendo wina tsiku limodzi, pamalo amodzi, kuti uone zodabwitsa za kuno."

2. Mwana wa msodzi

Pa chithunzi choyamba a Exildah anaima pa masitepe a matabwa, atavala chitenje chachikasu. Madzi obiriwira anafika mpaka pa sitepe yachitatu. Kumbuyo kwawo kunali mtengo wa kokonati wopendekeka, ndipo chapafupi pankayandama bwato loyera la mzere wofiira.

Pa chithunzi chachiwiri masitepe anali omwewo, mtengo womwewo, chitenje chomwecho. Koma madzi kunalibe. Kunali mchenga wokhawokha mpaka kumene maso amalekezera, ndipo bwato lija linagona cham'mbali ngati ng'ombe yodwala. Pangodya ya chithunzi chilichonse kamera inadinda tsiku, ndipo tsikulo linalidi limodzi.

A Ng'andu anavala magalasi. Anayang'ana ichi, anayang'ana icho, kenaka anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Iwe mwaice, mwana wanga, sendela kuno uone," anatero. "Ine ndine mwana wa msodzi. Ninabadwila ku Samfya, pa nyanja ya Bangweulu, ndipo ninaphunzila kupalasa bwato nikalibe kuziba nsapato. Manzi niyaziba. Manzi yamachepa pang'onopang'ono, myezi itatu, myezi inai, mpaka mu Okutobala. Yamabwela na mvula, nayo pang'onopang'ono. Manje ba mai bako bafuna kutiuza ati nyanja yonse inanyamuka kuseni, yabwela kumazulo? Inayenda kuti? Ku tauni kugula sopo?"

Lukonde sanaseke.

"Aya mapikicha ni ya mu situdiyo," anapitiriza a Ng'andu. "Na ku Kamwala iliko. Uimilila pasogolo pa nsalu, bakujambula, mailo uonesa banthu ati unali ku London, kansi unali pambali pa ngalande. Ba mai bako ni mlongo wanga, tinayamwa bele imozi, koma nikuuza zoona. Bali mu Dar, bali na umoyo wabo, bafuna chabe kuti tibaone monga bali bwino. Munthu wonama pa manzi azanama na pa mwana. Uzakwela basi masiku yabili, uzaseluka pa siteshoni, uzapeza kulibe okulandila. Mwana mkazi, weka, mu dziko ya bene, chitundu chabo, Chiswahili, suchiziba. Pamenepo uzaitana dzina ya ndani? Ine nakusunga zaka zitatu. Nilibe vambili, koma sininakunamizepo. Ganiza bwino."

Tisawaseke msanga a Ng'andu. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, ndipo ambiri a ife a mu Lusaka madzi amene timawadziwa ndi a pampopi, amenenso amabwera akafuna, ndi aja amalowa m'nyumba osaodira mu Januwale. Pakati pa anthu otere, munthu wobadwira ku Samfya ndi pulofesa. Lukonde akanawatsutsa ndi chiyani?

Lachisanu anapita nazo zithunzizo kusukulu, zili m'buku la masamu. Pa buleki anakhala yekha kuseri kwa kalasi n'kumaziyang'ana. Aphunzitsi a jogalafe anadutsa pomwepo, mpaka anamupatsa moni. Lukonde anatseka bukulo msanga. Anzake onse ankadziwa kuti amayi ake ali ndi shopu yaikulu ku Dar es Salaam, chifukwa ndi zimene iye anawauza. Sanafune kuti wina aone mwini shopu yaikulu ali chilili pamchenga wopanda nsapato. Safunsa anadya phula, koma tsiku limenelo manyazi ndiwo anapambana.

Atafika kunyumba anang'amba pepala pakati pa kope n'kulemba:

"Amayi, zithunzi zanu zabodza ndaziona. Ndakudikirani zaka zitatu, ndipo mwanditumizira bodza. Sindibwera. Musandilemberenso. Lukonde."

Amalume ake sanamutume kulemba zimenezi, ndipo kalatayo sanaione. Izi Lukonde anachita yekha. Anaiika mu envulopu, anamata ndi tepi mbali zonse, n'kuibisa m'thumba la siketi pamodzi ndi zithunzi zija.

3. Pa Intercity

Makalata a a Exildah sankadzera ku positi. Ankabwera ndi a Virginia, mayi wa ku Chelstone amene mwezi ndi mwezi ankapita ku Dar es Salaam kukaoda nsalu ndi nsapato. Loweruka m'mawa anali kubwereranso, choncho Lukonde analawirira ku Intercity, siteshoni ya mabasi a maulendo aatali.

Kumeneko munthu sayenda, amakankhidwa. Oitanira mabasi anamukoka uku ndi uku, wina akuti Chipata, wina akuti Mongu, ngati iye sakudziwa kwawo. Anawapeza a Virginia pafupi ndi basi ya ku Nakonde, kumalire a Tanzania, atakhalira zikwama zawo zamizeremizere, akudya chinangwa chowotcha.

"Shani, uli bwino, mwana wa Exildah? Wakula iwe! Wabwelesa yankho?"

Lukonde anagwada pang'ono n'kupereka envulopu ndi manja awiri. A Virginia anaitembenuza, anaona tepi uja, kenaka anayang'ana nkhope ya mtsikanayo. Chinangwa anachiika pambali.

"Nkhala apa," anatero, akusisita chikwama. "Mvela, mwana wanga. Nanyamula makalata pa njila iyi zaka zisanu. Ya chikondi, ya malilo, ya bana opempha nsapato. Kalata yolembewa na mutima wokalipa niiziba. Imankhala yopepuka, ndipo mwine wake amaibwelesa kuseniseni, menso yofiila. Mau ya pakamwa ungayakane, unganene ati munanimvela molakwika. Koma ya pa pepala yamankhala. Munthu amayabelenga lelo, amayabelenga mailo, amayabelenga na chaka chamawa. Ine ninalembelapo ba tata kalata ya so, nili mtsikana ku Kitwe. Ninakaipeza mu Baibo yabo pa siku ya malilo yabo, yakuda na kugwiliwa. Nizabwela pakapita masabata yatatu. Isunge. Ngati mutima uzankhala ukali wotentha, uzanipasa, nizaipeleka."

"Ba anti, kumene bali ba mai munafikako?" anafunsa Lukonde.

"Awe. Ine nimapelela mu maliketi. Nyanja nimaiona chabe pa windo ya basi. Makalata nimasiya pa shopu ya nsalu. Dalaivala wa lole ya nsomba ndiye amayatenga pa Chitatu, kuyenda nayo ku munzi kwabo."

"Ndiye kuti simuziba ngati bali kumeneko zoona."

"Siniziba. Naiwe suziba. Ndiye chifukwa nakuuza ati lindila."

Zithunzi zinali m'thumba, koma Lukonde sanazitulutse. Mtima ukapsa umakonda kumaliza zinthu tsiku lomwelo.

"Tengani chabe, ba anti," anatero.

A Virginia anapumira m'mwamba. Anatsegula chola chimene ankamangirira m'chiuno n'kulowetsamo envulopuyo.

"Ine ndine positi," anatero. "Sinisegula, sinitaya, sinibweza. Yalowa mu chola, yayenda."

Cha m'ma teni koloko basi inadzaza. Inaliza hutala, inafwenthera utsi, n'kutuluka pachipata. Lukonde anaiyang'ana mpaka inakhota. Ankayembekeza kuti mtima ukhala pansi, koma anangomva kuti watsala yekha kuposa kale.

4. Windo la pa Cairo Road

Kunyumba sanafuneko. Anadutsa njanji n'kulowa m'tauni, akuyenda wopanda kolowera. Pa Cairo Road, pakati pa shopu ya nsapato ndi ya mawotchi, panali ofesi yaing'ono yokonzera anthu maulendo a tchuthi. Pa windo lake panamatidwa chithunzi chachikulu: mchenga woyera, mitengo ya kokonati, ndi ngalawa ya thanga limodzi.

Lukonde anaima. Tinene zoona, sanalowe kuti akaphunzire. Analowa kufuna mboni yachiwiri, munthu wina woti amuuze kuti wachita bwino.

M'katimo munali bambo mmodzi wa imvi, wovala tayi ngakhale linali Loweruka. Anali a Killian, a ku Chipata, amene kale ankagwira ntchito ku kampani ya ndege ya boma isanatsekedwe. Makasitomala kunalibe, ndipo bamboyo ankaoneka kuti walakalaka munthu wocheza naye kuyambira m'mawa.

"Ndikuthandize chiyani, mama?" anafunsa m'Chinyanja cha kwawo.

"Nifuna kufunsa chabe. Aya malo yali pa windo, yaliko zoona?"

"Aliko, ndipo ndinapondapo ndi mapazi angawa," anatero a Killian, akumulozera mpando. "Ndi midzi ya asodzi, ing'onoing'ono, yondandana m'mphepete mwa nyanja. Kutsogolo kwake kuli chilumba chachitali. Chimenecho chimatchinga mafunde aakulu, ndiye madzi a pakatipo amakhala odekha ngati a m'beseni. Magetsi kulibe, madisiko kulibe. Anthu olemera a ku Kabulonga ndi ku Woodlands amabwera pano kudzapempha kuti ndiwatumize akagone m'nyumba ya udzu, yomwe agogo awo anaithawa. Amakaona mbalame, akamba a m'madzi, ndi mitengo yomera m'madzi amchere. M'mawa amadzutsidwa ndi asodzi akukweza matanga. Ukamva phokoso kumeneko, dziwa kuti kokonati wagwa."

Lukonde anatulutsa zithunzi zija n'kuziyala patebulo.

"Nanga aya? Ni ya mu situdiyo, si so?"

A Killian anaziyang'ana kamphindi chabe.

"Wajambula bwino ameneyu," anatero. "Ichi ndi cha m'mawa, madzi atadzaza. Ichi ndi cha masana, ataphwa. Taona mthunzi wa mtengowu. Apa ndi wautali, apa wabwerera patsinde. Nsalu ya mu situdiyo siisuntha mthunzi."

"Koma manzi siyangachoke siku imozi."

"A mumtsinje wa Kafue sangachoke. A m'nyanja yamchere amachoka kawiri pa tsiku, n'kubwereranso kawiri. Ndipo poti pamalo amenewa m'posaya, amapita kutali, mtunda ngati kuchoka pano kukafika ku Kamwala. Azimayi a m'mudzi amatsikira pamchengapo ndi madengu kukatola nkhono ndi ndere za m'nyanja. Alendo anga amayenda pansi pa nyanja nsapato zili m'manja. Pakapita maola asanu ndi limodzi madzi abwerera, bwato ladzuka, asodzi apita."

Anatsegula diloo n'kutulutsa kapepala kodzaza manambala. Anati ndi kamene amapatsa alendo, kosonyeza nthawi imene madzi adzachoke ndi imene adzabwerere, tsiku ndi tsiku, mwezi wonse.

5. Zimene zinali m'kope

Lukonde anagwira kapepalako, koma manambala sankaoneka bwino.

"Uli giredi yanji?" anafunsa a Killian.

"Naini."

"Ndiye simunaphunzire za mwezi ndi nyanja?"

Pakamwa pa Lukonde panatseguka pokha. Analakatula ndime yonse m'Chingerezi, osaphonya liwu, yonena za mwezi umene umakoka madzi a m'nyanja zikuluzikulu kuti azikwera ndi kutsika. Anailoweza mu temu yoyamba. Inabwera pa mayeso a pakati pa chaka, ndipo anaikhoza. Kungoti sanaganizepo kuti mawu amenewo amanena za madzi enieni, onyowetsa, amene angasiye bwato litagona pamchenga ndi amayi ake ataima pambali.

Atafika kumapeto kwa ndimeyo mawu anamuthera, misozi n'kuyamba. Analira kwambiri, mopanda manyazi, pamaso pa munthu wosamudziwa. A Killian sanamuletse. Anamupatsa mpango n'kudikira. Kenaka Lukonde anafotokoza zonse: za amayi ake, za amalume, za kalata ya mizere inayi, ndi za basi imene tsopano inali itadutsa kale Chisamba.

A Killian anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Mwana wanga," anatero, "amalume ako sanakunamize. Anena zimene akudziwa, ndipo nyanja ya kwawo amaidziwadi. Kulakwa kwawo n'kuyesa kuti nyanja ya kwawo ndiyo nyanja zonse. Koma iwe unali ndi mwayi umene iwo analibe. Yankho linali m'kope mwako. Unalilemba ndi dzanja lako, aphunzitsi n'kuchonga. Ana inu mumaphunzira kuti mukhoze mayeso, mukatero n'kutseka kope ngati mwatsekera mbuzi m'khola. Maphunziro si a tsiku la mayeso lokha. Ndi a tsiku ngati la dzulo, pamene unafunika kudziwa ngati mayi ako akunena zoona. China n'chakuti munthu amene ali kutali sangadziyankhire. Sangaimirire n'kunena kuti ayi, simunamvetse. Choncho mlandu wa munthu amene palibe usamaugamule tsiku limodzi. Funsa awiri, funsa atatu. Ukanafunsa dzulo, bwenzi lero ukusankha diresi ya paulendo."

Lukonde anawerama. 

"Ningaipitikise basi?" anafunsa chapansipansi.

"Ndi chiyani, njinga? Ayi. Koma tawerenga masiku. Basi ifika ku Dar Lolemba. Wati lole ya nsomba imanyamuka Lachitatu. Ndiye kuti kalata yako ifika m'manja mwa amayi ako Lachitatu madzulo."

Analoza makina otuwa amene anali pakona, ofanana ndi telefoni yonenepa.

"Iyi ndi fakisi. Umalowetsa pepala pano, limatuluka kutsidya nthawi yomweyo. Nyumba za alendo za kumidziko zilibe telefoni, koma iliyonse ili ndi ofesi yake m'tauni, ndipo madzulo alionse ofesiyo imalankhula ndi a kumudzi pa wailesi ya mauthenga. Ukalemba kalata ina, ine ndiitumiza, ndipo idzayamba ndi iyo kufika. Amayi ako adzadziwa kuti yam'mbuyoyo asaitsegule, kapena akaitsegula, asaikhulupirire. Ungondiuza dzina la nyumbayo."

Lukonde anayang'ana zithunzi kutsogolo ndi kumbuyo. Panalibe dzina.

"Siniiziba," anatero.

"Nanga la mudzi?"

"Nayo siniiziba. Ba malume ndiye banabelenga. Yonse yali pa envulopu, mu sutikesi yabo."

A Killian anapukusa mutu.

"M'mbali mwa madzi amenewo muli midzi yoposa makumi awiri, ndipo masitepe a matabwa ndi kokonati wopendekeka zili paliponse. Sindingalote. Lero ndikutseka wani koloko, mawa ndi tsiku la Mulungu. Bwera Lolemba ndi dzinalo. Ukachedwetsa, Lachiwiri. Kupitirira pamenepo usadzavutike n'kubwera."

Anamupatsa kapepala ka manambala kaja kuti apite nako.

6. Kiyi wa sutikesi

Kuchoka m'tauni kufika ku Kabwata Lukonde anayenda wapansi. Dzuwa linali pamutu.

Anawapeza a Ng'andu atakhala pa masitepe a fulati. Pamwendo pawo panali nsapato ya Lukonde ya kusukulu, imene inayasama kutsogolo sabata yatha. Ankaisoka ndi ulusi wa thumba la ufa, akumanga mfundo zing'onozing'ono zija amamanga asodzi pa ukonde.

"Unali kuti?" anafunsa osadzutsa mutu. "Nakusungila mabanzi yabili."

Lukonde anagwada pa sitepe ya m'munsi. Anayala zithunzi ziwiri zija, n'kuika kapepala ka manambala pakati pake. Kuuza munthu wamkulu kuti walakwa si ntchito yamasewera, makamaka munthu amene akukusokera nsapato. Koma anafotokoza zonse mwadongosolo: za mwezi, za chilumba chotchinga mafunde, za mthunzi wa kokonati. Anaulula ndi za kalata imene anapereka kwa a Virginia, ndipo anaitchula liwu ndi liwu.

Singano inaima. A Ng'andu anatola kapepalako n'kukayang'ana nthawi yaitali, chala chikutsika m'mizere ya manambala. Kenaka anatola chithunzi cha bwato logona pamchenga.

"Kabili pa siku," anatero, ngati akulankhula okha.

"Ee, ba malume."

"Ba tata banafa osaziba ivi."

Anabwezera chithunzicho pa sitepe. M'fulati ya pamwamba wina ankakazinga anyezi, ndipo ana ankakangana za mpira kuseri kwa nyumba.

"Nifuna chabe dzina ili pa envulopu," anatero Lukonde. "Kalata mungasunge."

A Ng'andu anapisa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa kiyi wamng'ono womangidwa pa kachingwe. Sanamupereke. Anamufumbata, dzanjalo n'kuliika pabondo. Pamene anadzutsa mutu, Lukonde anaona chinthu chimene sanachionepo zaka zitatu zonsezo: amalume ake anali ndi mantha.

"Nakumvela, mwaice. Pa manzi ninalakwa, navomela," anatero. "Koma mu nyumba muno aliyense amene ananyamula chola anakamba ati nizabwela. Ba mai bako banakamba so. Ba anti bako, mkazi wanga, banakamba so. Ine nine wamene nimasala nikusuka makapu yabili, imozi yosamwelamo munthu. Envulopu iliko, sininaitaye. Nizakupasa. Koma uyambe waniyankha, ndipo uniyankhe zoona, pakuti ine sininakunamizepo. Ukayenda ku nyanja kuja, ukabaona ba mai bako, uzabwela?"

Lukonde anayang'ana nsapato yosokedwa theka, anayang'ana nkhope ya amayi ake pa chithunzi, kenaka dzanja lofumbata lija. Akanangoti "ee", sutikesi ikanatseguka nthawi yomweyo. Koma mumtima mwake sankadziwa ngati akawaona amayi ake adzathanso kuwasiya.

"Nilindila yankho yako," anatero a Ng'andu.

Ndipo basi ya ku Nakonde inali ikuthamangabe.